Zinthu 11 zodabwitsa za magemu opangidwa ndi anthu ochepa, amene ku Ntcheu sitikuwaona

Mukamayenda m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuchokera pa Lizulu kutsetsereka mpaka pa boma la Ntcheu ndi kupitirira ku Kampepuza, simulephera kumva phokoso lochokera m'kachipinda kena kuseri kwa magolosale. Anyamata akukuwa, sipika ikulengeza mpira. M'katimo muli kanema, PlayStation yakale ndi mapadi awiri, ndipo wogonja amapereka padi kwa amene ali pamzere. Gemu yake ndi mpira. Mpira ukatopetsa amaika ya nkhonya kapena ya magalimoto. Onsewa ndi magemu a makampani akuluakulu olemba ntchito anthu mazanamazana.

Kunjaku kulinso magemu a mtundu wina, opangidwa ndi munthu mmodzi, atatu, kapena kagulu kodziimira pakokha, omwe amatchedwa indie. Ine ndimaona kuti amenewa ndi amene akugwirizana kwambiri ndi moyo wathu wa magetsi ovuta, bandulo yodula ndi makina akale. Chondiwawa n'choti ndi omwewonso amene satifika.

1. Gemu ya ulimi ya munthu mmodzi yagulidwa kuposa chiwerengero cha Amalawi tonse

Eric Barone wa ku Seattle ku America atamaliza maphunziro a zamakompyuta anasowa ntchito. Anapeza ganyu yolondolera anthu pa mipando m'nyumba ya zisudzo, ndipo nthawi yotsala ankapanga gemu. Zithunzi anajambula yekha, nyimbo anapeka yekha, nkhani ndi pulogalamu yonse analemba yekha, kwa zaka zinayi ndi theka. Stardew Valley inatuluka mu 2016, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 inali itagulidwa koposa ka 41 miliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri anthu onse a m'dziko muno.

Mugemumo mulibe mfuti. Umalandira munda wosiyidwa ndi agogo ako, n'kuswa mphanje, kubzala, kuthirira, kukolola ndi kugulitsa. Mbatata ya kachewere ilimo, tomato alimo, nkhuku ndi mbuzi zilimo. Makampani akuluakulu ambiri sakanalola kutaya ndalama pa nkhani yotere, koma munthu mmodzi wopanda bwana analola, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya magemu amenewa.

Kufooka kwake mlimi wa ku Tsangano angakuone msanga. Kachewere wa mugemumo amakhwima pa masiku 6. Zokolola umaponya m'bokosi madzulo, m'mawa ndalama zalowa, ndipo mtengo sugwa ngakhale mudzi wonse utakolola tsiku limodzi. Mulibe chiwawu, mulibe thumba la feteleza lodutsa K100,000, mulibe venda wobwera ndi lole n'kutchula mtengo wake iyeyo podziwa kuti mbatata singadikire. Ndi ulimi wolota munthu wa m'tauni amene watopa ndi ofesi. Ulimi weniweni, wokhala ndi ngongole ndi mvula yosapanganika, ukanapanga gemu yogwira mtima kuposa pamenepa.

2. Pali gemu yathunthu yochepa kuposa kavidiyo ka ukwati ka pa WhatsApp

Animal Well, yomwe inatuluka mu May 2024, pa kompyuta imangodya malo okwana ma MB osapitirira 40. Billy Basso anaipanga kwa zaka 7, ndipo m'malo mogwiritsa ntchito zida zopangidwa kale, analemba yekha injini yake kuti pasakhale chilichonse chongodya malo. M'kanthu kochepako muli mapanga mazana, nyama zoopsa ndi zinsinsi zina zimene zinafunika kuti anthu ambiri agwirizane pa intaneti kuti azitulukire.

Magemu akuluakulu a nkhondo a masiku ano amadutsa ma GB 100, ndiye pakapita milungu ingapo amafunanso kuti muwonjezere zina. Kwa munthu wogula bandulo ya tsiku, amene netiweki yake nthawi zina imadumphira ku Mozambique akakhala cha ku Biriwiri, kusiyana kumeneku ndi kumene kumagamula ngati asewera kapena ayi.

3. Gemu imene inagwetsa masitolo a pa intaneti mu 2025 imaseweredwa pa makina a 2013

Pa 4 September 2025 kunatuluka Hollow Knight: Silksong. Anthu anali ataidikira kuyambira mu February 2019 pamene inalengezedwa, ndipo tsiku lotulukalo ogula anachuluka mpaka masitolo a Steam, Nintendo ndi PlayStation anayamba kukanika kutsegula. Eni ake ndi Team Cherry ya ku Adelaide ku Australia, anthu atatu: Ari Gibson, William Pellen ndi Jack Vine, kuphatikizapo wopeka nyimbo Christopher Larkin. Gemu yawo yoyamba, Hollow Knight, anaiyamba ndi ndalama zosonkha kwa anthu pa Kickstarter mu 2014.

Chofunika kwa ife n'chakuti Silksong inatulukanso pa PlayStation 4, makina a mu 2013. Makampani akuluakulu ambiri anawasiya kale makinawa n'kusamukira ku PlayStation 5. Koma makina ofika kuno ambiri ndi ogwiritsidwa kale ntchito, obwera m'zikwama za abale ochokera ku Joni, ndipo mwini kachipinda ka magemu sagula atsopano akale asanafe. Opanga magemu ang'onoang'ono sathamangira zithunzi zofanana ndi munthu weniweni, choncho ntchito zawo zimayenda bwinobwino pa makina amene tili nawo kale.

4. Ndi otchipa, koma ndalama yathu siwagula

Silksong inatuluka pa mtengo wa madola 20. Vampire Survivors ndi madola 5. Gemu yatsopano ya mpira ndi madola 70, ndipo Mario Kart World ya Nintendo inafika pa madola 80 mu 2025. Mukaona mitengoyi mungaganize kuti magemu ang'onoang'ono ndiwo adzadza m'tizipinda ta kuno. Sizili choncho, ndipo chifukwa chake si kukonda mpira kokha.

Gemu ya kampani yaikulu imabwera pa chimbale. Chimbale chimadutsa malire m'thumba, chimagulitsidwanso, chimabwerekedwa, chimasinthanitsidwa. Magemu ang'onoang'ono ambiri sakhala ndi chimbale, kapena amadinda zochepa zomwe zimathera ku Ulaya ndi ku America. Njira yake ndi sitolo ya pa intaneti basi. Tsono mukamatsegula akaunti ya PlayStation, pa mndandanda wa maiko Malawi palibe. Anthu amangosankha South Africa kapena America, kenako n'kuyamba kusakasaka wowagulira vocha ya dziko limenelo, amenenso amaikapo yake.

Pamwamba pa izo pali kusowa kwa ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiyeno ndi 44 peresenti mu November 2023. Pa mtengo wa kubanki madola 20 ndi pafupifupi K35,000, koma khadi la kubanki lili ndi malire ake pogula zakunja, ndipo dola ya pamsika wamseri ndi yokwera kutalitali. Mapeto ake, chimene chimaseweredwa ndi chimene wokonza makina wathira mu hadi diraivu, ndipo iye amathira zimene makasitomala akuzidziwa kale. Mnyamata wa pa Bawi sangaitanitse gemu imene sanamvepo dzina lake.

5. Makina amene magemuwa amakondapo sasamala za kuthima kwa magetsi

Magemu ambiri ang'onoang'ono amagulidwa kwambiri pa Nintendo Switch, makina ogwira m'manja okhala ndi batire lakelake. PlayStation 5 ikamasewera imadya ma watt pafupifupi 200, kanema wake osawerengera. Switch siifika ngakhale 20, ndipo batire lake limatha kukhala maola anayi kapena kuposa. Sola yapanyumba imene imatchaja mafoni ingathe kuidyetsa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira magetsi a mawaya, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Amene ali nawonso akukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu January 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa ma megawatt pafupifupi 130. Makina oyenera dziko lotere ndi Switch. Koma kuno ndi osowa, chifukwa dzina lodziwika ndi PlayStation, ndipo mwini bizinesi amafuna kanema wamkulu woti khamu lizionera.

6. Ambiri ndi a munthu mmodzi, pamene kwathu gemu ndi ya gulu

Uku ndiye kufooka kwenikweni. Kachipinda ka magemu kamapeza ndalama chifukwa mpira umatha pa mphindi khumi, wina n'kulipira, wina n'kulowa. Hollow Knight imafuna munthu mmodzi akhale yekha maola makumi angapo, akusunga pamene wafika kuti mawa adzapitirize. Palibe mwini makina amene angalole zimenezo, ndipo oonerera sangapirire. Magemuwa anapangidwira munthu wokhala ndi chipinda chake, makina ake ndi nthawi yake.

Alipo ena otsutsa zimenezi. Overcooked, ya anthu awiri a ku England, Phil Duncan ndi Oli De-Vine, imaika osewera mpaka anayi m'khitchini imodzi: wina akudula anyezi, wina akutsuka mbale, mphika ukupserera, ndipo gawo lililonse limatha pa mphindi zochepa. Imafuna kukuwirana, ndipo n'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti ikanagwira msika kuno. Ndikuganizanso kuti ikanakopa atsikana, amene m'tizipinda timeneti saonekamo kawirikawiri.

7. Gemu ya madola 5 inagonjetsa zimphona

Mu 2023, mphoto ya BAFTA ya gemu yopambana zonse inapita kwa Vampire Survivors, kusiya Elden Ring ndi God of War Ragnarök zimene zinadya ndalama zankhaninkhani. Anaiyamba yekha Luca Galante, wa ku Italy wokhala ku England. Zithunzi zake zikuoneka ngati za m'ma 1990, ndipo wosewera amangoyendetsa munthu wake, zida zimamenya zokha. Tsopano anthu anayi angathe kusewera pa kanema mmodzi.

8. Gemu ya makadi yopanda kubetcha inaletsedwa kwa ana, ya mpira yokhala ndi mwayi wogula ndi ndalama inaloledwa

Balatro inatuluka mu February 2024. Woipanga ndi munthu mmodzi wa ku Canada amene sanaulule dzina lake lenileni, amangodziwika kuti LocalThunk. Imagwiritsa ntchito makadi ndi malamulo ena a poker, koma mulibe kubetcha ndalama ngakhale pang'ono: umalipira kamodzi pogula, basi. Pofika January 2025 inali itagulidwa ka 5 miliyoni.

Bungwe la PEGI, loika zaka zoyenera pa magemu ku Ulaya, linaipatsa chizindikiro cha zaka 18 ponena kuti ikuoneka ngati njuga, ndipo kwa kanthawi inachotsedwa m'masitolo ena. Nthawi yomweyo gemu ya mpira ya EA, mmene wosewera amalipira ndalama zenizeni kuti atsegule mapaketi a osewera osadziwa chimene atapezemo, inali ndi chizindikiro cha zaka 3. Eni Balatro anachita apilo, ndipo mu February 2025 zaka zinatsitsidwa kufika pa 12.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa malo obetchera mpira afika m'misika yathu yambiri, ndipo kubetcha kwalowa m'foni za achinyamata. Ubwino umodzi waukulu wa magemu ang'onoang'ono ndi woti ambiri sabwereranso m'thumba mwako ukagula. Komabe sindinganene kuti alibe msampha. Galante uja anagwirapo ntchito yopanga mapulogalamu a makina a njuga, ndipo kuwala ndi phokoso la bokosi la mphoto mu Vampire Survivors zikuonetsa kumene anaphunzira. Ndalama sakudyera, koma nthawi amaidya ndithu, ndipo kholo liyenera kudziwa zimenezi.

9. Ena ndi ovuta dala

Popanda bwana wowauza kuti afewetse, opanga ena amaumitsa gemu mmene akufunira. Silksong itangotuluka, madandaulo ambiri anali oti adani akupweteka kwambiri ndipo ukafa umabwerera kutali, moti Team Cherry inafewetsa adani ena a koyambirira patangopita masiku ochepa. Celeste ya 2018, yokwera phiri, inasonyeza njira ina: ndi yovuta, koma ili ndi malo oti wosewera achepetse liwiro kapena adzipatse mphamvu zoonjezera popanda kunyozedwa. Kwa munthu wolipira nthawi ya makina, kufa kakhumi pamalo amodzi ndi ndalama yotayika.

10. Opambana ndi ochepa kwambiri, ndipo kutamandidwa sikulipira malipiro

Nkhani za Barone ndi LocalThunk zimakoma, koma zimabisa manda aakulu. Mu 2024 mokha, pa sitolo ya Steam panatuluka magemu oposa 18,000, pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ambiri sanaonedwe n'komwe. Pa gemu iliyonse yogulidwa, mwini sitolo amatengapo pafupifupi 30 peresenti. M'masitolo a Nintendo ndi PlayStation mwadzazanso timagemu tongokopera tothamangitsidwa, tomwe timakwirira ntchito zabwino.

Chitsanzo chowawa ndi Tales of Kenzera: ZAU. Anaiyambitsa Abubakar Salim, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene makolo ake ndi ochokera ku Kenya, pofuna kulira bambo ake omwalira. Nkhani yake ndi ya sing'anga wachinyamata amene akupangana ndi Kalunga, mwini imfa, kuti abweze mzimu wa bambo ake. Nthano zake ndi za anthu a chi Bantu, ndipo gemu yonse mungaimvere m'Chiswahili, chinthu chosowa kwambiri pa makina amenewa. Inatuluka mu April 2024, olemba nkhani anaiyamikira, koma pofika July kampani yake ya Surgent Studios inachotsa antchito ena, ndipo mu October inalengeza kuti gulu lonse la magemu lili pa chiopsezo chifukwa chosowa ndalama.

Ngakhale amene amatchedwa ang'onoang'ono sakhala okha monga timamvera. Clair Obscur: Expedition 33 ya ku Montpellier ku France, yomwe inasankhidwa kukhala gemu ya chaka cha 2025 pa The Game Awards, imatchuka kuti ndi ya anthu pafupifupi 30. Koma kumbuyo kwawo kunali kampani yosindikiza ya Kepler Interactive, oimba, oyesa gemu ndi akatswiri ena olembedwa ganyu m'maiko ena. Mutu umodzi susenza denga, ndipo wachinyamata wofuna kuyamba ntchitoyi ayenera kuuzidwa zoona zake.

11. Gemu yoyamba ya mu Africa pa makina a Nintendo inayamba ngati ntchito ya kusukulu

Ben Myres ndi Cukia Kimani anali ophunzira pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg pamene anayamba Semblance, gemu imene nthaka yake ndi yofewa moti wosewera amaikankha n'kuisintha maonekedwe kuti adutse. Inatuluka pa Switch mu July 2018 pansi pa kampani yawo ya Nyamakop. Ku Cape Town, a Free Lives anapanga Broforce, kenako mu 2023 Terra Nil, mmene ntchito yako ndi kubwezeretsa mitsinje ndi nkhalango pa dziko loguga, n'kuchotsa makina ako onse ukamaliza. Amene waona mmene mapiri a Kirk Range ametedwera ndi makala angaimvetse gemu imeneyi popanda womasulira.

Mu 2025 a Nyamakop analengeza Relooted, gemu ya gulu la anthu a mu Africa lokalanda m'nyumba zosungira zakale za azungu zinthu 70 zenizeni zimene zinatengedwa kuno ku Africa. Nkhani yotere si yachilendo m'dera lathu lino. Chigaza chakale chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chidakali ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka zambiri.

Pa magemu onse ndatchulawa palibe ngakhale imodzi yolankhula Chichewa. Ena, monga Disco Elysium ya ku Estonia yokhala ndi mawu pafupifupi 1 miliyoni, ndi mabuku enieni, ndipo wosadziwa bwino Chingerezi sangapite nawo patali. Mpira sufuna chilankhulo, n'chifukwa china umalamulira.

Chikhalirecho nkhani zopangira gemu ku Ntcheu zilipo zambiri. Pali ulendo wa Angoni a kwa Maseko, kuwoloka Zambezi, kukafika ku Songea, n'kubwerera kudzakhazikika ku Domwe. Pali Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, yemwe anthu amamukumbukira chaka ndi chaka pa Umhlangano ku Nkolimbo. Pali msika wa Lizulu, kumene kuwoloka msewu ndi kulowa dziko lina, ndalama ziwiri zikuyenda pamodzi. Pali bawo, ya maenje 32 ndi njere 64, yomwe malamulo ake ndi ozama kuposa a magemu ambiri ogulitsidwa madola, yotha msanga, ya anthu awiri ndi khamu loonerera, ndendende zimene kachipinda ka magemu kamafuna. A Qene Games a ku Ethiopia anatenga mtundu wawo wa masewerawa, gebeta, n'kuuika pa foni.

Zida si vuto lalikulu. Balatro inapangidwa ndi LÖVE, pulogalamu yaulere, ndipo Godot nayonso ndi yaulere, imayenda pa laputopu wamba. Ophunzira zamakompyuta alipo ku MUBAS, ku MUST ndi ku UNIMA. Chipata chovuta ndi cha makinawo: kuti gemu ilowe pa PlayStation kapena Switch pamafunika kulembetsa kwa Sony kapena Nintendo, kupeza makina apadera oyesera, kudutsa mayeso awo, ndi kukhala ndi njira yolandirira ndalama zakunja. Nyamakop inadutsa pamenepo mothandizidwa ndi kampani yosindikiza ya Good Shepherd Entertainment, ndipo Balatro inadutsa kudzera kwa Playstack. Wopanga gemu wa kuno angayambire pa foni ndi pa kompyuta, kumene chipata n'chotsegukirapo, ndipo gemuyo ikakopa anthu, ndi pamene angagogode kwa osindikiza oterewa.